Azakhali Anga a M'vidiyo

Maganizo ochoka ku Kabwe anandifikira Loweruka lina masana, ndikuchokera ku Ngungu kumene ndinakaimba pa kicheni pate. Ndinaimba maola atatu, azimayi anavina mpaka fumbi kulowa m'mbale, ndipo pomaliza mwini phwando anandipatsa chitenje chimodzi ndi ndalama ya minibasi. Ndili m'minibasi yobwerera kwathu ku Bwacha, chitenjecho chili pamiyendo, ndinawerenganso uthenga umene unakhala m'foni mwanga sabata ziwiri osauyankha. Unachokera kwa Madalitso, mnyamata wojambula mavidiyo a oimba ku Blantyre. Iye anamva nyimbo yanga ina imene inkayenda m'mafoni a anthu, ndipo anati woimba wake wina akufuna mawu a mkazi wa ku Zambia. Ndisanatsike ndinali nditayankha kale kuti ndikubwera.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ku Lusaka ndinayesako kawiri, koma kumeneko atsikana oimba ngati ine tinali ambirimbiri, ndipo aliyense anali ndi amalume ake ku wailesi kupatula ine.

Ndinkayembekezera kuti atate akana. Iwo ndi munthu wa zitsulo. Anagwira ntchito kumgodi mpaka unatsekedwa, kenako anamanga kashedi kuseri kwa nyumba yathu, mowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Zoimba ankazitcha masewera. Koma atamva kuti ndikupita ku Malawi anazimitsa makina, nakhala pa chitini cha penti.

"Blantyre? Basi yake ipita pa Ntcheu?"

"Sinidziwa, atate."

"Ipita. Uzaona."

Agogo anga, a Yohane Nkhoma, anabwera ku Kabwe wapansi ali mnyamata, kudzalowa ntchito kumgodi. Kumudzi kwawo ku Ntcheu anasiya mkazi ndi mwana wakhanda dzina lake Elina, atalonjeza kuti abwerera ntchito ikatha. Chaka chinabala chinzake, anakwatira kuno, atate anabadwa, ndipo agogo anamwalira akunenabe kuti chaka chamawa akupita. Atate sanapondeko ku Malawi chibadwire. Koma anakula anzawo akuwatcha mwina Malawi, kutanthauza Mmalawi m'Chibemba, iwo nkumavomera ndi mtima wonse, ndipo ankadziwa kuti kwinakwake kuseri kwa mapiri ali ndi mlongo amene sanamuonepo. Tsiku lonyamuka anandipatsa kapepala kolembedwa ndi pensulo ya kushedi: Ntcheu, kwa Kalilombe, m'munsi mwa phiri, Elina mwana wa Yohane. Amai sanandipatse pepala. Anandipatsa mtedza wokazinga, nati ndisamagone ndi njala chifukwa chofuna kuoneka bwino pa kamera.

Lero ana a kwaya imene ndimaphunzitsa akandifunsa kuti ntchito ya mavidiyo ndi yotani, ndimawauza za vidiyo yanga yoyamba. Nyumba inali yobwereka, galimoto yobwereka, diresi lobwereka lokhala ndi kachikwangwani ka mtengo kamene ndinakapinda m'khosi kuti kasaoneke. Nsapato zinali zazing'ono. Ndinatsika masitepe omwewo kokwana makumi awiri, ndikuyendetsa milomo motsatira nyimbo yolira pa sipika, ndikumwetulira munthu amene ndinamudziwa m'mawa womwewo ngati ndi mwamuna wanga. Madalitso ankangoti, "Bwerezaninso, chemwali, koma maso akhale ofewa." Madzulo ndinavula nsapato nkupeza matuza, ndipo ndinakwera minibasi kupita ku Zingwangwa kumene ndinapeza chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni.

Nyimboyo inayenda. Oimba ena anayamba kundiitana, wina kuti ndiyankhe makorasi, wina kuti ndingooneka m'vidiyo. Ndalama zake sizinali zambiri ndipo zinkabwera modumphadumpha, mwezi wina nyama, mwezi wina bonya. Zikabwera ndinkatumizako kunyumba pa foni. Amai ankayankha ndi mawu awiri okha othokoza. Atate ankaimba Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndipo moni ukatha funso linali limodzi.

"Wayendako?"

"Nikali busy, atate. Nizayenda."

Chaka chachiwiri mayi wina wokonza masewero a pa TV anandimva ndikukangana ndi wogulitsa ma yunitsi, naseka mpaka kugwira khoma. Anati akufuna munthu woyankhula choncho. Anandipatsa gawo la mzimayi wa ku Zambia, mwini saluni, wolanda amuna a eni. M'mapepala ake anali ndi dzina lina, koma chifukwa cha mawu akuti manje, otanthauza tsopano, amene sachoka pakamwa pathu ife a ku Zambia, owonera anamutcha Mai Manje, ndipo dzinalo linandimatirira. Ankandiuza kuti ndizikokomeza kayankhulidwe kathu kuti anthu aseke. Ndinkakokomezadi. Ndinaphunzira kulira pamene andiuza kuti lira, kuima pa kachizindikiro ka choko pansi, ndi kunena mawu omwewo kasanu ngati ndikuwanena koyamba. Ndinachitanso mafilimu awiri aafupi, ina ndinali namwino, ina mkazi wamasiye.

Kutchuka kwa mtundu umenewu n'kosungulumwitsa. Kumsika wa Limbe azimayi ankandikuwa, ena mokondwa, ena mokwiya ngati ndawalandadi amuna. Aliyense ankadziwa Mai Manje, koma odziwa kuti ndine Esnati sankakwana zala za dzanja limodzi. Ku Kabwe ndinakula ndili mwana wa Amalawi, ndipo nditafika ku Malawi ndinasanduka wa ku Zambia. Nthawi ina malungo anandigwira masiku anayi m'chipinda muja. Kupyolera pakhoma ndinkamva TV ya eni nyumba, mawu anga omwe akutukwana mkazi wa mwini, ana akuseka, ine ndikulephera kudzuka kuti nditunge madzi. Sindinauze amai. Lamlungu lake ndinawatumizira chithunzi chakale, ndili m'diresi lofiira.

Pa Ntcheu ndinadutsa kangapo pa basi, kapepala kali m'chikwama, osatsika. Sindinganene kuti ndinalibe nthawi. Ndinkaopa kufika pakhomo la anthu osandidziwa, ndi Chinyanja chimene dziko lonse linkachiseka, kukanena kuti ndine mdzukulu wa munthu amene anawathawa.

Chimene chinandipititsako ndi ntchito, ndipo izi zimandichititsabe manyazi. M'chaka chachinayi ndinafuna nyimbo yangayanga, yosakhala ya Mai Manje. Ndinalemba za mtsikana wobadwira kutali amene wabwera kudzafuna mlongo wa bambo ake. Madalitso ataimva anati vidiyo yake tikajambulire kumudzi kwenikweniko, ndi azakhali enieniwo. Anabwereka kamera yabwino ya masiku awiri, ndipo ine ndinatsogola tsiku limodzi kukafufuza.

Mudzi ndinaupeza, m'munsi mwa phiri monga kapepala kananenera. Anandilozera kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankadziwa mabanja akale. Anandilandira bwino, nandipatsa mpando pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo ndinamutchulira maina.

"Elina uja bambo wake anapita ku migodi? Pepani mwanawe, mwachedwa. Anatisiya kalekale, zaka zoposa khumi zapitazo. Ana ake anali awiri, wina anawolokera ku Mozambiki, wina sitidziwa."

Anandiperekeza kumanda. Panalibe mwala kapena mtanda. Anayang'anayang'ana m'maudzu, naloza milu iwiri, nati ndi umodzi mwa imeneyi.

M'mawa mwake Madalitso anafika ndi anyamata ake. Nditamuuza anandipepesa, kenako anayang'ana kamera, nayang'ana dzuwa. Kamera inali italipiridwa kale. Pamsewu panali gogo wina wogulitsa mbatata, a Nasibeko, aatali, owongoka msana. Madalitso anawafotokozera kuti angokhala pakhonde, ine ndikafika aimirire andikumbatire. Anavomera. Titayamba kujambula, ine ndikuyenda kulowa pabwalo ndi chikwama, gogoyo anaimirira, nandigwira nkhope ndi manja awiri, nayamba kulira. Sikunali kulira kouzidwa. Pambuyo pake anandiuza kuti mwana wawo wamwamuna anapita ku Joni ndipo sanamvekenso. Nanenso ndinalira, za milu iwiri ija. Madalitso sananene kuti tibwereze.

Vidiyo imeneyo ndi ntchito yabwino koposa zonse zimene ndinachita. Inaonetsedwa pa TV ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Isanathe sabata, atate anaimba foni pakati pa sabata, zimene sankachita.

"Esnati, naona. Uja ndiye Elina?"

Ndisanayankhe anapitiriza.

"Mphuno ni ya atate. Na kuimirira kwake. Amai ako akuti nifunse bwino, koma ine naona na maso yanga."

Ndinali pa siteji ya minibasi, anthu akundikankha. Ndikanatha kunena kuti ndiimbanso. Ndinati, "Ee, atate. Ni beve."

Bodza lakuti ndi iwowo linali la mawu ochepa chabe, koma linafuna kudyetsedwa zaka ziwiri. Atate atafuna kuyankhula nawo, ndinati kumudziko foni sigwira, ndiponso makutu a azakhali anatha. Anatumiza bulangeti ndi zitenje ziwiri kudzera mwa mayi wina wa geni, ine nkukapereka kwa a Nasibeko pamsewu paja. Gogoyo anafunsa kuti zachokera kwa yani, ndinati kwa munthu amene anakonda vidiyo. Atate anafunsa za minda, ndinati ilipo. Anafunsa ngati Elina anawakhululukira agogo, ndinati anakhululuka. Amai anandiuza kuti m'shedi ntchito inkaima kasitomala aliyense akabwera, chifukwa ankayamba waonetsedwa mlongo wa ba Nkhoma pa foni. Ndinkadziuza kuti ndawapatsa chimwemwe chimene dziko linawamana. Lamlungu linasanduka tsiku limene ndinkaliopa.

Tsiku lina tikujambula sewero la Mai Manje m'saluni, foni ya amai inalowa katatu. Nditatuluka panja kukaimba, sanapereke ndi moni womwe.

"Atate ako abweretsa munthu wogula nyumba. Wapima na mayadi. Akuti tikakhale kwa Elina, akafere kwao."

Ndinakhala pa sitepe. Nyumba imeneyo ndi yokhayo imene anatsala nayo pa zaka zonse za kumgodi.

"Ine sininakambe kanthu zaka ziwiri," anatero amai. "Koma mwana wandi, nikudziwa ukanama. Siuyankha bwino, umangoti ee, ee. Bwera ukambe na atate ako. Osati pa foni."

Mayi wa sewero anati ndikachoka pakati pa kujambula sangandidikire. Ndinamvetsa. Ndinamva pambuyo pake kuti m'sewerolo Mai Manje anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha mapepala, ndipo owonera ambiri anakondwa. Ndinagulitsa matiresi ndi mbaula, ndinakwera basi ya ku Lilongwe, kenako Chipata, Lusaka, mpaka Kabwe.

Ndinafika masana. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitadutsa, ndipo ndinabwerako kawiri kokha pa Khrisimasi. Bwacha inali yomweyo, fumbi lake ndi maminibasi ake, koma atate anali atachepa thupi. Ndinawapeza m'shedi akuwotcherera thiranki lachitsulo, lalikulu, la ulendo. Atandiona anakweza chigoba chotchinga maso naseka.

"Wabwera kutitenga?"

Ndinagwada pakhomo pa shedi monga ndinkachitira ndili mwana.

"Atate, nifuna kukamba na imwe. Uja mzimai wa mu vidiyo si ba Elina. Ba Elina anafa kudala, zaka zambiri zapita. Ninaona manda."

Ndinawauza zonse, za mphunzitsi, za milu iwiri, za gogo wa mbatata, za bulangeti. Sanandidule mawu. Nditamaliza anavula magolovesi, nawaika pa thiranki bwinobwino, limodzi pamwamba pa linzake.

"Ninaonetsa Bwacha yonse," anatero motsitsa mawu. "Na abusa ninaonetsa."

"Ninayopa kukupwetekani."

"Manje sunanipweteke?"

Anatuluka, nalowa m'nyumba. Sanandikalipire, sanandithamangitse. Anangosiya kundiyankhula. M'mawa ndikawapatsa moni ankayankha ndi mutu. Thiranki linakhala m'shedi lopanda chivundikiro. Wogula nyumba anabwera kawiri, atate nkumuuza kuti abwerenso, osavomera, osakana. Amai anati ndiwasiye, munthu akulira maliro a mlongo wake, ndipo maliro a zaka khumi akagwa tsiku limodzi salirika msanga. Ine ndinkagona m'chipinda changa chakale ndikuganiza kuti mwina ndikanangokhala chete, ndipo sindinganame, masiku ena ndinkalakalaka nditabwerera ku Zingwangwa kumene kunalibe amene ndinamulakwira.

Patatha pafupifupi mwezi, ba Mulenga anamwalira. Anali mnzawo wa atate kuyambira ali anyamata kumgodi, ndipo ankakhala ku Nakoli. Ana awo anabwera kunyumba m'mamawa, nagwada pamaso pa atate. Abale a ba Mulenga ku Luapula anali kutali ndipo ambiri anatha. Mwana wamkulu anati, "Ba tata, mwatsala ndimwe. Mutiuze vochita."

Masiku atatu amenewo ndinaona atate amene sindinkawadziwa. Ndiwo anakasankha bokosi, ndiwo anagawa ntchito kwa amuna, ndiwo anakhazika pansi ana awiri a malemu amene sankayankhulana. Ankayankhula Chibemba ndi uyu, Chilenje ndi uyo, Chinyanja ndi wina, ndipo aliyense wolowa pa geti ankafunsa kuti ba Nkhoma ali kuti. Azimayi a kutchalitchi anandikokera pakati pawo kuti nditsogolere nyimbo. Palibe ananditcha Mai Manje. Ankati mwana wa ba Nkhoma, uja ankaimba ku Sande sukulu. Ndinaimba popanda sipika, popanda wondiuza kuti maso akhale ofewa, mpaka mawu anasasa.

Kumanda, mwambo utatha ndipo anthu akukwera malole, atate anandikodola. Kanali koyamba m'mwezi wathunthu. Tinayenda pakati pa manda akale mpaka pa mtanda wachitsulo umene anawotcherera okha zaka zambiri zapitazo. Pamenepo ndi pa agogo a Yohane. Pambali pake pali agogo aakazi, ndipo chapafupi pali mchimwene wanga amene anamwalira ali wakhanda ine ndisanabadwe. Atate anazula maudzu angapo, nawataya.

"Mdala uyu anakamba vopita mpaka kufa," anatero. "Na ine ninatengera. Ona pamene agona."

Anayang'ana uku ndi uku, akutchula maina a anthu ogona pamenepo, uyu wa ku Dedza, uyu wa ku Petauke, uyu wa ku Kasama, onse anzawo a agogo kapena awo. Kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Manda ya Elina, ungaipeze futi?"

"Ningaipeze. Koma ni milu iwiri, sadziwa kuti wao ni uti."

"Nizapanga mitanda iwiri. Winayo naye ni mwana wa munthu."

Mitandayo anaipanga ndi chitsulo cha thiranki lija. Mvula itatha tinapita tonse awiri, ulendo wawo woyamba ku Malawi ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Anaima pa milu ija nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Anthu a m'mudzi anatilandira mwaulemu, ngati alendo, ndipo ana ankaseka kayankhulidwe ka atate monga ankasekera kanga. Tinapitanso pamsewu kwa a Nasibeko. Atate anawagwira dzanja, nawayang'ana nkhope kwa kanthawi, nagula ndowa yonse ya mbatata imene tinalibe ponyamulira. Tsiku lachitatu m'mawa anandidzutsa okha, nati tiyende kunyumba, mageti a anthu akudikira. Wogula uja anali atamuuza kale kuti nyumba sigulitsidwa.

Tsopano ndimakhala ku Kabwe. Ndimaimba m'maukwati ndi m'makicheni pate, ndipo ndinaphunzira kutchula mtengo ndisanagwire maikolofoni. Ndimaphunzitsa kwaya, ndipo nyimbo zanga ndimajambulira m'kasitudiyo ka mnyamata wina ku Nakoli. Nthawi zina amandiitana ku Lusaka kukachita gawo laling'ono m'sewero, ndimapita m'mawa nkubwerako mawa lake. Ndalama n'zochepa kuposa za ku Blantyre, ndipo masiku ena ndimasowa phokoso la tsiku lojambula, magetsi otentha aja ndi anthu khumi akudikira kuti nditsegule pakamwa. Nyimbo ya azakhali anthu amaipemphabe. Ndimaimba, koma ndisanayambe ndimanena kuti mayi wa m'vidiyo ndi a Nasibeko a ku Ntcheu, ogulitsa mbatata, ndipo azakhali anga enieni sindinawapeze amoyo.

Atate anandikhululukira, koma sanaiwale, ndipo ndikawauza nkhani yokoma kwambiri amandiyang'ana kaye m'maso asanakondwe. Ndinazivomereza. Banja lathu linakhala mibadwo itatu m'tauni ino likudziyesa la paulendo, katundu ali m'manja, pamene anthu a kuno anali atasiya kalekale kutiwerengera ngati alendo. Mwezi watha kasitomala wina wachilendo anamva dzina la atate, nafunsa kuti kwao ni kuti. Ine ndinali pakhomo ndikuchapa. Atate anakweza chigoba chija, naganiza pang'ono.

"Atate anga anachokera ku Ntcheu," anatero. "Ine ndine wa mu Bwacha."

Anatsitsa chigoba napitiriza kuwotcherera.